Kudutsa boda pa njinga: tsiku limenelo ndigone kuti?

Mpalasi Watsopano:
Moni nonse akuluakulu. Ndikukonzekera ulendo wautali wa pa njinga, ndipo aka kakhala koyamba kutuluka dziko lina n'kulowa lina nditamangirira katundu yense, tenti ndi mapoto omwe. Pasipoti ndili nayo. Chikundisowetsa tulo ndi tsiku lodutsa malirelo. Kuchokera m'tauni yomaliza kukafika pa boda pali makilomita 90, ndipo ndikawerengera ndikuona kuti ndikafikapo cha m'ma 4 koloko madzulo. Amatseka 6 koloko. Maganizo anga ndi oti ndikadinditse, ndiwoloke, ndipalase pang'ono tsidya linalo, kenako ndimange tenti patchire pomwe mdima wandipezera. Zipata zilipo ziwiri: chachikulu chodutsa mathiraki, ndi chaching'ono cha msewu wafumbi chomwe chili pafupiko. Amene munayendapo maulendo otere, ndigawireniko nzeru.

Madala wa Sipoko:
Takulandirani achimwene. Pulani imeneyo isintheni. Boda amadutsa m'mawa.

Njinga yodzaza katundu imayenda makilomita 15 pa ola ngati msewu uli wabwino, ndiye makilomita 90 anuwo ndi maola 6 muli pachishalo, osawerengera kupuma, zitunda, mphepo yokuwombani kumaso kapena tayala kuphwa. Mukafika 4 koloko mudzakhala mutatheratu. Pamenepo basi imodzi yokha ikangokupitirirani pachipata, anthu onse a m'basimo ali patsogolo panu pamzere, ndipo mizereyo ndi iwiri, wotulukira kuno ndi wolowera uko. Mukamamaliza dzuwa lapita. Mwalowa m'dziko lomwe ndalama zake mulibe, foni ilibe netiweki, mabotolo a madzi ali gwa, simukudziwa kuti midzi yatalikirana bwanji, ndipo mukufuna malo ogona mumdima m'dera lomwe asilikali amalondera usiku wonse.

Chimene ndimachita ine n'chakuti dzulo lake ndimagona patatsala makilomita 20 kapena 30 kuti ndifike pa boda, mbali yomwe ndikuidziwa kale. M'mawa ndimafika akungotsegula kumene, maofesala asanatope. Ndikawoloka tsiku lonse limakhala lili m'manja mwanga.

Mayi Kamtunda:
Ndikugwirizana ndi a Madala. Ine ndikambepo za chipata chaching'onocho. Zipata zing'onozing'ono n'zokoma kwa wapanjinga, kulibe mathiraki, kulibe chipwirikiti, koma fufuzani kaye zinthu zitatu. Choyamba, kodi chimalandira alendo a maiko onse? Pali zipata zomwe zimangodutsa nzika za maiko awiri oyandikanawo. Chachiwiri, kodi pali ofesala wodinda pasipoti mbali zonse ziwiri? Malo ena mumapeza wapolisi yekha ndi chitsulo chotchingira msewu, iye n'kukuuzani kuti mukadinditse m'tauni yakutsogolo. Chachitatu ndi viza. Viza ya pa intaneti m'maiko ambiri imagwira pa zipata zosankhidwa zokha, ndipo yogulira pompo simungaipeze paliponse. Kupalasa msewu wafumbi tsiku lathunthu n'kukabwezedwa ndi chinthu chowawa kwambiri.

Mpalasi Watsopano:
Zikomo amayi. Nanga ndingadziwe bwanji zimenezi ndisananyamuke?

Mayi Kamtunda:
Webusaiti ya ofesi yoona za olowa ndi otuluka ya dziko lomwe mukupitalo imakhala ndi mndandanda wa zipata zovomerezeka. Ku kazembe wawo mukhoza kufunsanso. Kenako onani pa iOverlander, pulogalamu ya pa foni ya apaulendo, zomwe alemba anthu amene adutsapo posachedwa, muziyang'ana tsiku lomwe analemba. Malire amatsekedwa. A pakati pa Kyrgyzstan ndi Tajikistan, omwe okwera njinga ambiri amadutsa akamayenda msewu wa Pamir, anatsekedwa mu 2021 maiko awiriwa atamenyana, ndipo anthu omwe anadalira nkhani zakale anasokonezeka ulendo.

Tcheni:
Ndiwonjezere pamenepo. Chipata chikhoza kukhala chotsegula koma njinga n'kukhala yosaloledwa pamsewu wopita kumeneko. Mlatho wa Øresund wolumikiza Denmark ndi Sweden, womwe unatsegulidwa mu 2000, salola njinga, mumakwera nayo sitima. Pakati pa Chile ndi Argentina pa njira ya Los Libertadores pali ngalande ya Cristo Redentor yoboola phiri, ndipo wapanjinga saloledwa kupalasamo, amamunyamula pagalimoto. Choncho ngati boda yanu ili pamlatho waukulu, m'ngalande kapena pamsewu wa magalimoto othamanga okhaokha, funsani za njinga mwachindunji.

Chisisira:
Musaiwale wotchi. Mwanena kuti amatseka 6 koloko, koma 6 koloko ya mbali iti? Maiko oyandikana ambiri amasiyana nthawi. Pa Rusumo, ukamachoka ku Tanzania kulowa ku Rwanda wotchi imabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo ukamalowera kwinako umataya ola. Pomwepo pamasinthanso mbali yoyendera: ku Tanzania n'kumanzere, ku Rwanda n'kumanja. Mbali yoyendera imasinthanso chimodzimodzi pa Moyale pakati pa Kenya ndi Ethiopia, komanso pakati pa Thailand ndi Laos. Pamsewu wodzaza magalimoto suvutika chifukwa umangotsatira anzako. Ngozi ili m'mawa wotsatira, ukatuluka patchire n'kulowa msewu wopanda kanthu, thupi limakutengera mbali yomwe unazolowera. Ine ndimasuntha kagalasi koonera kumbuyo kupita mbali inayo ndikadali pa boda pomwepo, ndipo kamandikumbutsa.

Tcheni:
Za mapepala ndilembe zonse pamodzi, a Mpalasi mupirire kutalika kwake.

Pasipoti: maiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 isanathe, komanso masamba opanda chidindo. Ulendo wa pa njinga umadya masamba msanga chifukwa viza zina zimatenga tsamba lonse.

Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever: amalifunsa makamaka ngati mukuchokera kapena mwadutsa dziko lomwe kuli matendawa. Limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni katemera, ndiye osakabayitsa mawa lake mukunyamuka. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO linakhazikitsa kuti katemera mmodzi ndi wa moyo wonse, sakutha pa zaka 10 ngati kale.

Njinga siifuna mapepala a kasitomu ngati omwe amafunsa pa galimoto kapena njinga yamoto. Imatengedwa ngati katundu wanu basi. Komabe jambulani nambala yake, ili kunsi kwa felemu pomwe pamazungulira mapedulo, ndipo ngati muli ndi lisiti yogulira sungani chithunzi chake.

Chachikulu kuposa zonse: akakudindirani musachoke pawindo musanawerenge chidindocho. Onani tsiku, onani masiku omwe akupatsani. Viza ikhoza kunena masiku 90 koma ofesala n'kulemba 30 ndi cholembera, ndipo chomwe chimagwira ntchito ndi chomwe walembacho. Akakufunsani kuti mukhala masiku angati, musatchule ochepa pofuna kuoneka wofatsa. Muuzeni kuti muli pa njinga, mumuonetse njingayo pawindo, mupemphe masiku onse ololedwa. Wapabasi dziko amalidutsa masiku awiri, inu mudzafuna milungu. Ndipo onetsetsani kuti chidindo chotulukira chilipo musanapite mbali inayo, chifukwa akakubwezani mudzapalasanso mtunda womwewo kawiri.

Madala wa Sipoko:
Pa nkhani ya masikuyi, amene akulota za ku Ulaya adziwe kuti maiko a kumeneko omwe ali mumgwirizano wa Schengen amawerengedwa ngati dziko limodzi: masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Malire a pakati pawo umangodutsa osaima, mwina kungoona chikwangwani, koma masiku ako akupitabe. Kutuluka tsiku limodzi n'kubwereranso sikuyambitsa kuwerenga kwatsopano.

Mpalasi Watsopano:
Ndalemba zonse. Funso lina: ndikamalowa muofesi kukadinditsa, njinga ndiisiya ndi ndani? Ndili ndekha, ndipo moyo wanga wonse uli m'zikwamamo.

Mlongo wa Njinga:
Achimwene, ine ndimayenda ndekhanso. Njinga ndimaikankha mpaka pakhomo penipeni pa ofesi, pomwe ndingaione ndili pamzere, kapena pafupi ndi mlonda wovala yunifolomu. Ndimamupatsa moni, ndimupempha kuti aziiyang'anako. Ndimakhoma loko ngakhale ndingolowa kwa mphindi zisanu. Kachikwama ka pahandulo, momwe muli pasipoti, ndalama ndi foni, kamalowa nane. Tochi, pampu ndi mabotolo ndimalowetsa m'zikwama ndisanafike, chifukwa zimene zimasowa ndi tinthu tating'ono tolendewera, osati njinga yonse. Njinga yolemera chonchija wakuba sathamanga nayo.

Anthu okuthamangirani kuti akuthandizeni kulemba mafomu musawapatse pasipoti. Pasipoti imaperekedwa kwa munthu amene ali kuseri kwa windo basi. Komanso foni ikhale m'thumba, pa maboda ambiri kujambula n'koletsedwa ndipo akhoza kukusungani maola chifukwa cha chithunzi chimodzi.

Gudumu:
Za osintha ndalama bwanji? Ine ndimaona kuti n'kwabwino kuwapewa onse n'kudikira ATM ya kutsogolo.

Madala wa Sipoko:
Apo sindikuvomereza kwenikweni a Gudumu. Wapagalimoto akhoza kudikira ATM chifukwa tauni ya makilomita 120 amafikako pa ola ndi theka. Wapanjinga amafikako mawa madzulo, ndipo pakatipo akufuna madzi ndi chakudya. Sinthani pang'ono, zokwana masiku awiri. Dziwiranitu mtengo wosinthira foni ikadali ndi netiweki, muwerengere pa foni yanu osati pa kakyuleta yawo, mulandire ndalama zawo kaye, muwerenge nokha, ndiyeno mupereke zanu. Akazitenganso kuti awerengenso, yambiraninso kuwerenga. Ngati pali ofesi yovomerezeka yosinthira ndalama pitani kumeneko, chifukwa m'maiko ena kusintha pamsewu ndi mlandu. Ndalama za dziko lomwe mukutulukalo zimalizeni pompo, mukapita kutali palibe adzazilandire. Ndipo ngati viza mukalipira ndi madola, akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa, komanso okwanira ndendende. Mufunse lisiti.

Gudumu:
Chabwino, pamenepo ndamva. Masiku awiri basi.

Mayi Kamtunda:
A kasitomu nthawi zambiri wapanjinga amangomukodola kuti adutse, koma pali maiko omwe saseka. Ku Chile mumalemba fomu yonena ngati mwanyamula zakudya, ndipo zipatso, uchi, mbewu ndi nyama yosaphika amalanda. Mukabisa n'kukupezani nazo, chindapusa. Ku New Zealand amayang'ana dothi pa matayala, pa nsapato ndi pa zikhomo za tenti, chifukwa dothi limanyamula tizilombo ndi njere za zomera zachilendo. Ku Rwanda majumbo a pulasitiki analetsedwa mu 2008, ku Kenya mu 2017, ndipo ife apanjinga timakonda kukulunga zovala m'majumbo poopa mvula. Mankhwala akhale m'mapaketi ake enieni pamodzi ndi kalata ya dokotala. Mpeni wophikira ukhale pamodzi ndi mapoto. Ndipo chonde, munthu wina akakupemphani kuti mumuwolotsere kaphukusi poti inu sakusechani, kanani ngakhale akhale wooneka waulemu chotani.

Mpalasi Watsopano:
Nanga pakati pa maofesi awiriwa? Ndinamva kuti malo amenewo si a dziko lililonse. Sindingamange tenti pamenepo n'kudinditsa mbali inayo m'mawa?

Chisisira:
Ayi achimwene, malowo ali ndi mwini. Ndi dziko la wina mwa awiriwo, kungoti maofesi anamangidwa motalikirana, ndipo ndi malo omwe amayang'aniridwa kwambiri kuposa ena onse. Pamaboda ena vutoli kulibe chifukwa maofesi onse ali m'nyumba imodzi, monga pa mlatho wa Kazungula pakati pa Zambia ndi Botswana womwe unatsegulidwa mu 2021. Kwina mtunda wake ndi waukulu. Pa Kyzyl-Art, pamwamba pa phiri la mamita 4,280, kuchokera pa ofesi ya Tajikistan kukafika pa ya Kyrgyzstan pali makilomita pafupifupi 20 a msewu woipa. Polowa ku Mauritania kuchokera pa chipata cha Guerguerat, ku Western Sahara, ndi makilomita ochepa chabe, koma m'mbali mwake munakwiriridwa mabomba nthawi ya nkhondo, moti munthu sapatuka pomwe padutsa matayala a anzake. Malo ngati amenewo umadutsa dzuwa lili pamutu, osaima.

Madala wa Sipoko:
Tsopano tifike pa za kogona, poti ndi pomwe pali mtima wa funso lanu. Pafupi ndi malire, mbali iliyonse, si pogona patchire. Tinjira tomwe inu mungaone masana kuti n'tabwino kubisalamo, usiku ndi tomwe amadutsa ozembetsa katundu ndi anthu owoloka mozemba, ndipo kumbuyo kwawo kumabwera olondera ali ndi mfuti. Onsewo akapeza tenti mumdima sadziwa kuti muli ndani. Maiko ena ali ndi lamulo loti m'dera la m'malire mlendo sapezekamo popanda chilolezo chapadera. Ine ndikawoloka ndimapalasa makilomita 30 kapena 40 ndisanayambe n'komwe kuganiza za tenti.

Pamtunda umenewo maso azigwira ntchito. Midzi yatalikirana bwanji? Minda ili ndi mipanda? Madzi anthu akutunga kuti? Agalu ndi omangirira kapena ongoyendayenda? Mukafika poti mugone mumakhala mutalidziwako dzikolo pang'ono.

Malo muyambe kufuna patatsala maola awiri kuti dzuwa lilowe. Madera a pafupi ndi equator mdima suchedwa, dzuwa likangolowa theka la ola silikwana kuli bii. Madzi tungiranitu pamudzi womaliza, okwanira kuphika, kumwa usiku ndi kuyambira m'mawa, malita 4 kapena 5 pamunthu.

Gudumu:
Ine njira yanga ndi yobisala. Ndimadikira msewu ukhale zii, ndipatuke msanga, ndikankhe njinga mpaka pomwe magetsi a galimoto sangandifike. Tenti yanga ndi yobiriwira, ndimamanga kukuyamba kuda, tochi sindiyatsa, ndipo ndimachoka mbandakucha. Palibe amene amadziwa kuti ndinagonapo. Munthu amene sakudziwa kuti ulipo sangakubere.

Mlongo wa Njinga:
A Gudumu, njira imeneyo imagwira kuchipululu kapena kunkhalango kopanda anthu. Koma komwe kuli midzi simungabisale. Mwana woweta mbuzi wakuonani kale mukupatuka, mayi wokatola nkhuni waona mapazi a matayala. Ndiye taganizani anthu a pamudzipo akumva kuti kuthengo kwagona mlendo wosadziwika, wobisala, wozimitsa tochi, pafupi ndi malire. Mantha awo ndi omveka, ndipo anthu amantha akabwera usiku amabwera ambiri atanyamula zida. Safunsa anadya phula.

Ine ndimapempha. Ndimafika kukadali kowala, ndimatsika panjinga, ndimavula chipewa ndi magalasi kuti nkhope ioneke, ndipereka moni, kenako ndifunsa amene ali ndi udindo pamalopo. Ndikakhala kuti chilankhulo sindikuchidziwa ndimaonetsa chithunzi cha tenti yanga itamangidwa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ukufuna chipinda ndi chakudya, pomwe iwe ukungofuna kamalo kosalala. Pasukulu, pachipatala chaching'ono, panyumba yopemphereramo, papolisi, pafamu, ngakhale kuseri kwa malo omwetsera mafuta komwe kuli mlonda, konseko ndinalandiridwapo. Monga mkazi ndimayamba kulankhula ndi amayi, ndipo ndimasankha khomo lomwe pali ana ndi agogo. Ukalandiridwa ndi mwini malo, chitetezo chako chimakhala ulemu wake.

Gudumu:
Zoona, koma kupempha kuli ndi mtengo wake. Wapalasa tsiku lonse, ukufuna kugona, koma mudzi wonse wazungulira tenti mpaka usiku, mafunso osatha. Ndipo anthu makumi awiri aona katundu wako yense.

Mlongo wa Njinga:
Chimenecho sindikana. Masiku ena munthu umafunadi kukhala wekha. Koma a Mpalasi akufunsa za usiku woyamba m'dziko lachilendo. Usiku umenewo ndi wopempha kapena wolipira malo. Kubisala adzayambe atadziwa m'mene dzikolo lilili. Ndipo pakati n'poipa: kumanga poonekera koma osapempha aliyense. Bisalani kwenikweni kapena onekerani kwenikweni.

Madala wa Sipoko:
Achemwali anena zoona pa za pakatipo.

Tcheni:
Palinso lamulo, lomwe limasintha pomwe mwawolokera malire. Ku Norway lamulo la mu 1957 limalola munthu kumanga tenti pamalo osalimidwa kwa mausiku awiri osapempha, bola atalikire mamita 150 kuchokera panyumba yokhalamo anthu. Ku Sweden ndi ku Finland ufulu wofanana nawo ulipo. Ku Scotland lamulo la mu 2003 limalolanso, koma mukangotsikira ku England malo ambiri muyenera kupempha mwini wake. Ku Germany kumanga tenti m'nkhalango n'koletsedwa m'madera ambiri. Ndiye chomwe chinali ufulu dzulo chikhoza kukhala mlandu lero, msewu uli womwewo. M'malo osungirako nyama ndi nkhalango zotetezedwa, pafupifupi kulikonse padziko, mumagona pokhapo pomwe anakonza. Pali maiko enanso omwe amafuna kuti mlendo alembetse komwe wagona, ndipo potuluka akhoza kufunsa timapepala ta kumahotela.

Mayi Kamtunda:
Kaya mwabisala kaya mwapempha, malo enieni oika tenti asankheni bwino. Mumtsinje wouma musagonemo ngakhale mchenga wake ukhale wofewa chotani. Mvula ikhoza kugwa kumapiri kutali komwe simukuona, madzi n'kufika usiku inu kumwamba kuli nyenyezi. Yang'anani m'mwamba ngati pali nthambi youma, yang'anani pansi ngati pali mzere wa linthumbu kapena una. Pamphepete pa madzi talikiranipo: pali udzudzu, m'mawa pamagwa mame ambiri, ndipo nyama zimabwera kudzamwa. Komwe kuli mvuu, kanjira kochokera m'madzi kupita kumsipu ndi kawo, zimatuluka usiku kukadya, ndipo tenti ikakhala panjirapo ndi tsoka. Pamsewu wa Nata kupita ku Kazungula ku Botswana, makilomita pafupifupi 300, njovu zimayenda pamsewu penipeni ndipo kuli mikango, moti apanjinga amakonzeratu kuti usiku uliwonse ukawapeze pamalo a mpanda.

Ndipo maiko omwe munali nkhondo, monga Bosnia, Cambodia ndi Angola, mabomba okwirira akadalipo m'madera ena, ambiri m'malire momwemo. Chikwangwani chofiira chokhala ndi chigaza, miyala yopakidwa penti yofiira, munda wabwino koma wosalimidwa pomwe ena onse ndi olimidwa: musapondeko. Pondani pomwe anthu ndi ziweto akuponda.

Chisisira:
Kanthu kakang'ono koma kothandiza: mukamakankha njinga kuchoka pamsewu, minga ndiyo imakudikirani. Musanagone pititsani dzanja pa matayala onse, muzule zomwe zabaya zisanalowe mkati. Njinga muigoneke pansi kapena muiphimbe, chifukwa tonyezimira ta pa matayala ndi pa zikwama timaoneka patali kwambiri galimoto ikawalitsa. Ine ndimaikhoma loko n'kumangirira kachingwe kuchokera pa felemu kufika pa tenti.

Tcheni:
Kuphika musaphikire m'tenti yotseka, ngakhale kunja kukugwa mvula. Sitovu imatulutsa mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha, umangokugonetsa osadzukanso, komanso nsalu ya tenti imayaka m'kanthawi kochepa. Kumene kuli nyama zolusa phikani ndi kudya malo ena, mupalase pang'ono, mukagone kwina, chakudya chisagone nanu. Moto wa nkhuni pamalo a eni ake ayi. Podzithandiza kumbani kadzenje ka masentimita 15 mpaka 20, mamita 60 kutali ndi madzi, mukwirire. Wapanjinga wobwera pambuyo panu adzalandiridwa kapena kukanidwa malinga ndi m'mene inu munasiyira malowo.

Mpalasi Watsopano:
Mwanditsegula maso. Pa fomu yolowera amafunsa adiresi ya komwe ukafikire, ena amafunsanso tikiti yotulukira. Munthu wa tenti amalemba chiyani?

Mayi Kamtunda:
Musalembe kuti mukagona patchire, ofesala sakhala ndi malo olembapo zimenezo ndipo mungodzichedwetsa. Sungitsani malo a usiku umodzi panyumba ya alendo kapena pamalo omangapo matenti m'tauni yoyamba, mulembe adiresi ndi foni yake. Ndi zoona, ndipo zikukupatsaninso pofikira. Palinso Warmshowers, gulu lomwe linayamba mu 1993, la anthu olandira apanjinga kunyumba kwawo. Wokulandiraniyo akavomera mukhoza kulemba adiresi yake, koma mupempheni kaye. Za tikiti, pa maboda a pamtunda safunsa kawirikawiri. Akafunsa, onetsani mapu a njira yanu, chipata chomwe mukatulukire, ndi umboni woti muli ndi ndalama zokwanira. Mapuwo muwatsitsiretu mu foni, pa OsmAnd kapena Organic Maps, a mbali zonse ziwiri, chifukwa simu khadi yatsopano mwina mukaipeza patapita masiku. Wachibale mmodzi adziwe chipata chomwe mukudutsa ndi tsiku lake, ndipo mumuuziretu kuti mukhoza kukhala chete masiku angapo.

Mpalasi Watsopano:
Funso lomaliza akuluakulu. Tinene kuti zonse ndakonza bwino, koma tcheni chaduka kapena mvula yandigwira, ndafika pa boda kukuda. Ndichite chiyani?

Madala wa Sipoko:
Mukaona kuti nthawi yatha, musadinditse chotulukira. Khalani mbali yomwe muli, pomwe ndalama ndi foni yanu zikugwira ntchito. Tauni ya pa boda si malo okoma, pamakhala phokoso la mathiraki ndi mabala, koma chipinda chokhoma chimapezeka. Njinga ilowe nanu m'chipindamo, ndipo zimenezi mugwirizane musanalipire.

Mlongo wa Njinga:
Ngati ndi kachipata kakang'ono kopanda nyumba ya alendo, kapena mwadinda kale kuno ndipo uko mwapeza atseka, pitani kwa wamkulu wa maofesala kapena wa asilikali amene ali pa ntchito. Muonetseni pasipoti, mufotokoze zomwe zachitika, mupemphe kumanga tenti mkati mwa mpanda pomwe iye akuonetseni. Kawirikawiri amalola, chifukwa kwa iwonso n'kwabwino kudziwa pomwe muli kusiyana n'kukupezani m'thengo pakati pa usiku. Akakuuzani pogona, gonani pomwepo, usiku musamayendeyende ndi tochi, ndipo mufunsiretu kuti chimbudzi ndi madzi zili kuti kusanade. Chitsulo chotchingira msewu musachizungulire, ngakhale muone anthu a komweko akudutsa m'mbali. Iwo akudziwika, inu mukalowa opanda chidindo mlandu wake mukaupeza tsiku lotuluka.

Mpalasi Watsopano:
Zikomo kwambiri achemwali, zikomo nonse. Mawa ndiimbira ku kazembe za chipata chaching'onocho.

Mayi Kamtunda:
Mukawaimbira mufunsenso ngati chimatsegula Loweruka ndi Lamlungu komanso pa maholide a mbali zonse ziwiri. Zipata zing'onozing'ono zina zimatseka ngakhale nthawi ya nkhomaliro.